Limbani, Usanavale Chovala Choyera

Fereej Al Murra, Doha
Lachisanu masana

Mwana wanga Limbani,

Ndikhulupirira wadzuka bwino, pamodzi ndi amayi ako aang'ono a Esinati ndi ana onse pakhomopo. Ine kuno ndiliko.

Lero ndi tsiku lopemphera kuno. Madamu ndi amuna awo atenga ana, apita kukadya kwa abale awo ku Al Messila, ndiye m'nyumba yonseyi tatsala awiri, ine ndi agogo amene ndimawasamalira aja. Agona. Ndakhala patebulo lositira zovala, ndazula masamba apakati pa kope. Panja dzuwa likuwotcha moti ngakhale amphaka abisala kunsi kwa magalimoto. Ndikamaliza ndijambula masambawa ndi foni ndikutumizire, uwerenge lero lomwe, usanakwere basi. Mwina ufunsa kuti bwanji osangoimba. Ukundidziwa iwe. Ndikayamba kulankhula nawe mawu abwino amandithawa, ndimangotsala ndi kukalipa kapena kulira.

Mawa ukupita ku koleji kukayamba zaka ziwiri zophunzira umedikolo asisitanti. Ndikanakonda ndikanakhalapo, ndikusitire malaya, ndikunyamulire chikwama mpaka pasiteji, ndikuchititse manyazi pamaso pa anzako pokuuza kuti usatulutse mkono pawindo. Koma tchuthi changa chikadali kutali, ndipo kontirakiti siimva zoti mwana akuchoka pakhomo. Ine sukulu sindinapite nayo patali, za mankhwala sindingakuphunzitse. Chimene ndili nacho chochuluka ndi zolakwa zanga. Ndikupatsa zimenezo, uzinyamule.

Ndiyambe ndi kupepesa. Masabata atatu apitawo unandiuza pafoni kuti malo a ku kolejiwo uwasiya. Unati, "Amayi, umenewu si udokotala weniweni, ndi kuthandizira chabe. Bwanji mungondipezera ejenti, ndibwere komweko ndidzakhale gadi ngati anzanga?" Sindinadikire kuti umalize. Ndinakunena kuti ndiwe mwana wosayamika, ndinakukumbutsa zaka zinayi zimene ndakhala ndikukolopa nyumba ya eni, kenako ndinadula foni. Masiku asanu sindinakuyankhe. Ndinalakwa, Limbani. Amayi ako aang'ono ndi amene anadzandiuza zoona zake: kuti tsiku limene njinga yamoto inagunda mayi wogulitsa tomato pamsika paja, iwe unali woyamba kufika, ndipo utaona magazi m'maso munada, unadzidzimuka uli pansi anthu akukukupiza ndi katoni. Kuyambira pamenepo anyamata akhala akukuseka kuti dokotala wake ndi ameneyu, wokomoka wodwala asanakomoke. Nkhani yonse ya ugadi inachokera pamenepo. Mwana wanga anali ndi mantha, ine n'kumuyankha ngati wachita mwano. Choyamba kutenga kwa ine chikhale chimenechi: munthu akakuyankhula zopsetsa mtima, yamba wafufuza chimene chamuopsa. Odwala ambiri amene adzakulalatire adzakhala ali ndi mantha, osati mwano.

Tsono za magazizo, tamva za mayi ako. Agogo a panowa aliyense amawaitana kuti Yuma, ndiye kuti mayi m'chilankhulo chawo. Ali ndi matenda a shuga, ndipo pamene ndinkafika anali ndi chilonda chakuphazi chokana kupola. Kawiri pa sabata kunkabwera nesi wa ku India, dzina lake Bindu, mayi wamfupi wolankhula mothamanga. Tsiku loyamba anandiuza kuti ndigwire mwendo, iye azimasula bandeji. Atangovundukula, fungo linandimenya, ndinaona mkati mwa chilondacho, ndipo ndinautaya mwendo wa munthu wamkulu, ine ulendo kubafa kukasanza. Ndinamva agogo akubuula mwendowo utagwera pabedi. Ndinakhalitsa m'bafamo ndikudziuza kuti basi, mawa andikweza ndege. Potuluka ndinapeza Bindu atamaliza yekha. Sanandinyoze. Anandipatsa madzi, n'kundiuza kuti iyeyo ali pasukulu anakomokapo kawiri, ndipo kachiwiriko anagwera pathireyi ya zipangizo, phokoso lake wodi yonse inadzuka. Anati, "Ulendo wina uzibwera utadya. Uzipuma ndi pakamwa. Ukamva chizungulire unene, ukhale pansi. Shwaya shwaya." Mawu amenewo kuno amatanthauza kuti pang'onopang'ono. Itatha miyezi iwiri ndinkatsuka chilondacho ndekha, iye akungoyang'anira, ndipo chinapola. Cholakwa changa sichinali kusanzako ayi. Chinali kutaya mwendo osachenjeza. Iwenso zikakakufikira ku wodi, zikakufikire, ukadzuka usukusule ubwerere. Koma ukamva kuti zikubwera, nena msanga, wina agwire pamene wagwira iwepo. Thupi limazolowera, Limbani. Langa linazolowera ndili ndi zaka makumi anayi, nanji lako.

Mwezi wanga wachitatu pano ndinatsala pang'ono kupha munthu ndi mawu awiri okha, akuti "yesi madamu." Izi sindinauzepo aliyense kumudzi. M'mawa wina madamu anawabaya Yuma jakisoni wa shuga ali pa changu, akuchedwa kuntchito. Analankhula zambirimbiri, zina m'Chingerezi zina m'Chiarabu, akuloza mbale ya chakudya, akuloza wotchi. Ine ndinatolapo mawu awiri kapena atatu, koma ndinkaopa kuoneka mbuli, ndiye ndinati, "Yesi madamu." Atachoka, Yuma anakankha mbale ija, sakufuna. Kwathu wodwala akakana chakudya timati musiyeni, adya akamva njala. Ndinachotsa mbale n'kupita kukayanika zovala. Pobwerako ndinawapeza thukuta lili kamukamu, manja akunjenjemera, akundiitana ndi dzina la mchemwali wawo amene anamwalira kalekale. Ukudziwa chimene ndinachita? Ndinawonjezera eyakoni, ndimayesa ndi kutentha. Mwayi wake madamu anali ataiwala laputopu, anabwerera panjira. Atangolowa m'chipindamo anakuwa, anathamangira kukhitchini, anayamba kuwamwetsa juwisi pang'onopang'ono kwinaku akuitana ambulansi. Shuga anali atatsikiratu. Zimene ankandiuza m'mawa muja zinali zoti munthu akabayidwa jakisoni ameneyo ayenera kudya, ndipo akakana ndiwaimbire foni nthawi yomweyo.

Atabwerako kuchipatala madamu anandiitanira pabalaza. Ine ndinali nditapinda kale zovala zanga. Anandifunsa kuti, "Unamva zimene ndinanena m'mawa?" Ndinati, "Ayi madamu, sindinamve." Anati, "Nanga unavomereranji?" Kenako, maso ali ofiira, anati, "Khalas, zatha. Koma kuyambira lero ndikakuuza chinthu uzindibwerezera." Mpaka lero ndimabwereza, ngakhale atandituma mchere. Limbani, m'kalasi mudzakhala ana a masukulu apamwamba, olankhula Chingerezi ngati anabadwa nacho. Udzafuna kugwedeza mutu pamene iwo akugwedeza. Usatero. Kweza dzanja unene kuti, "Pepani, sindinamve, bwerezani." Akaseka aseke. Manyazi akowo pofika madzulo adzakhala atatha, koma chimene wadumpha chikakudikira pabedi la munthu. Ndiponso ukadzakhala iwe wouza ena, agogo akakuyankha kuti "eya adokotala," usakhulupirire msanga. Mwina akuchita ngati mayi ako. Uwafunse mwaulemu kuti, "Tandiuzani agogo, mukamwa bwanji mapilisiwa?" Ubwereze mpaka anene okha.

China ndimachita nacho manyazi kuposa ichi, chifukwa apa sindinganamizire kusadziwa. Chaka chachiwiri ndinali nditazolowera ntchito, manja ankangoyenda okha. Tsiku lina ndikuwasambitsa Yuma pabedi, mnzanga anandiimbira. Ndinaika foni paphewa n'kumapitiriza. Anandiuza nkhani yoseketsa ya dalaivala wina wa kwathu amene anasochera tsiku lonse mumsewu umodzimodzi, ndipo ndinaseka mpaka misozi. Ndikutembenuza munthu, ndikupukuta, ndikuseka, nsalu yofunda ili kumiyendo, mphepo ya eyakoni ikuwawomba pamsana. Mwadzidzidzi ndinamva dzanja landigwira pamkono. Nditayang'ana, agogo akulira mwakachetechete, dzanja linalo akuyesa kukoka nsalu kuti abise pachifuwa. Chichewa sachimva. Iwo anangoona mkazi wachilendo akuyang'ana thupi lawo lamakwinya n'kumaseka. Ndinadula foni, ndinawafunditsa, ndinagwada pambali pa bedi. Chiarabu changa chinali chosakwana kupepesera, ndinangopepesa m'Chichewa momwemo, ndipo ndikuganiza kuti anamva. Patapita masiku madamu anandionetsa chithunzi chakale. Mayi wamtali, woongoka, ataima pakhomo la kanyumba ku Al Khulaifat, kufupi ndi nyanja, nyumba zazitalizi zisanabwere, ana asanu ndi awiri atamuzungulira. Onsewo anawalera akusoka zovala pamakina a manja. Munthu ameneyo ndi amene ine ndinkamutembenuza ngati thumba la chimanga.

Kuyambira tsiku limenelo ndisanawakhudze ndimawapatsa moni, ndimawauza kuti tsopano ndikweza mkono, tsopano titembenuke, ndipo ndimavundukula pokhapo pamene ndikusambitsa. Iwe ndiwe mwamuna, mwana wanga. Kudzabwera amayi a msinkhu wanga, ena oti ngakhale amuna awo sanawaonepo kukuwala, ndipo adzayenera kumasula chitenje pamaso pa mnyamata woti akanamubereka. Udziwe kuti kulowa pakhomo lakolo kwawatengera masiku akulimbana ndi mtima. Tseka chitseko. Pempha kaye. Itana nesi akhalepo. Foni ikhale m'thumba. Pamzere pakhale anthu ochuluka bwanji, amene ali patsogolo pakoyo usamuitane ndi dzina la matenda ake. Ali ndi dzina lake, lili pakabuku kamene wakupatsako.

Pakamwa panganso panandilakwitsa. Ndinali ndi mnzanga kuno, Tiyamike, wa ku Dedza, ankagwira ntchito yoyala mabedi kuhotela. Tinkakumana kutchalitchi Lachisanu ndikapatsidwa ofu, tikatuluka n'kumadyera limodzi. Tsiku lina anandikokera pambali nati wapeza chotupa m'bere, akudikira zotsatira za kuchipatala, ndipo sanauze ngakhale amuna ake kumudzi. Anati, "Asisi, ndauza inu nokha." Ine sindinapite nayo pamsika nkhaniyo ayi. Ndinangouza mayi mmodzi wa m'gulu lathu la mapemphero, kuti tizimukumbukira. Mayiyo anauza mlamu wake, mlamuyo analemba pagulu la pafoni. Sabata isanathe amayi ake a Tiyamike ku Dedza anamva kwa anthu a pachitsime kuti mwana wawo ali kayakaya ku Qatar, ndipo anagwa pomwepo. Zotsatira zitabwera, chotupacho sichinali choopsa, anachichotsa n'kuchira. Koma anandiimbira foni kamodzi kokha. Sanakalipe. Anati, "Asisi, matenda anali anga. Ndimafuna amayi anga amve kwa ine." Mpaka anamaliza kontirakiti n'kubwerera kwathu osadzakhalanso nane pabenchi limodzi. Taona, Limbani, ine ndinaulula ndi mtima wabwino, ndipo zinapweteka chimodzimodzi. Iwe udzadziwa za m'thupi mwa anthu a m'dera lonse: mphunzitsi, abusa, mtsikana wa pagolosale, mwina ndi amene unkaphunzira naye. Usadzauze mnzako, usadzauze mkazi amene udzakwatire, usadzauze ine. Ndikadzakufunsa kuti kodi uje akudwala chiyani wawonda chonchija, udzandiyankhe kuti, "Amayi, kafunseni eni ake." Ndidzakwiya pang'ono, koma mumtima ndidzanyada.

Tsopano ndikuuze nkhani imene ndakhala ndikuizengereza chiyambire kalatayi. Ndi yako. Umadziwa kuti unadwala malungo aakulu uli ndi zaka zitatu, koma sudziwa mmene zinayendera, chifukwa malemu bambo ako anandisungira chinsinsi mpaka kumanda. Inali nthawi yosankha fodya, tonse tili m'chigafa kuyambira m'mawa. Unayamba kutentha thupi Lachinayi. Ndinakugulira timapilisi pagolosale, n'kukugoneka pachiguduli pambali panga. Lachisanu sunadye. Loweruka ndinakutengera kwa mayi wina wa kutsidya kwa dambo, anakutemera mphini pachifuwa, anandipatsanso botolo la mankhwala a mizu, ndinakumwetsa kawiri. Chipatala chaching'ono chinali mtunda wa maola awiri pa njinga, ndipo ine ndinkawerengera ntchito imene itsalire. Lamulungu m'mawa unauma gwa m'manja mwanga, maso atatembenuka, thovu kukamwa. Bambo ako anapalasa njinga, ine kumbuyo ndakukumbatira, ndikukuitana dzina njira yonse, iwe osayankha.

Pachipatalapo panalibe dokotala wamkulu, sipanakhalepo chiyambire. Panali medikolo asisitanti mmodzi, a Chimbalanga, amene tonse tinkangowatchula kuti adokotala. Tinawapeza kuseri kwa nyumba yawo akumanga mpanda wa nkhuku. Sanafunse kuti mwabwereranji Lamulungu. Anataya luzi, anasamba m'manja, anathamanga ndi masilipasi kukatsekula. Akukuyeza anandifunsa kuti, "Wayamba liti?" Ndinati, "Dzulo madzulo." Anati, "Mwamupatsa chiyani?" Ndinati, "Palibe." Ndinanama, Limbani, iwe uli pakati pa moyo ndi imfa, chifukwa choopa kukalipiridwa. Iwo anakweza kamalaya kako, anaona mphini zija zikadali zaziwisi. Anakuyang'ana m'zikope ndi m'manja, muli mbuu. Anakubaya jakisoni, anakuika diripi, kenako anatuma bambo ako kuti akaitane nesi kunyumba kwake. Titatsala awiri anakoka kampando, anakhala pansi kuti maso athu alingane, nati, "Mayi, ine si wapolisi. Mwanayu mumamukonda, n'chifukwa chake mwayesa zonse zimene mumadziwa. Koma kuti ndimuthandize ndiyenera kudziwa masiku enieni ndi zimene zili m'mimba mwakemu. Tandithandizani." Ndinalira, ndinanena zonse, botolo lija ndinalitulutsa pamene ndinalimangirira pachitenje. Anati, "Zikomo. Mwachita bwino kundiuza."

Kenako ananena mawu amene panthawiyo anandiopsa, koma lero ndikuwaona kukula kwake. Anati, "Magazi amuchepera kwambiri. Pano ine ndafika pamene ndingathe. Akufunika kuchipatala chachikulu." Analemba kalata, anaitanitsa ambulansi, ndipo pamene inkachedwa sanachoke pambali pako, chala chili pamkono pako, maso ali pawotchi. Itafika anakunyamula okha kukakulowetsa. Kuchipatala chachikulu anakuwonjezera magazi, ndipo tsiku lachitatu unatsegula maso n'kupempha nthochi. Adokotala a kumeneko anauza bambo ako kuti amene anayamba kumuthandiza mwanayu anachita zonse m'nthawi yake.

Ndiye pamene unandiuza pafoni kuti umenewu si udokotala weniweni, ndi kuthandizira chabe, chimene chinandiwawa sichinali zaka zanga za kuno zokha. Ndinaona masilipasi a a Chimbalanga. Iweyo ukuyenda, ukuyankha mayi ako, watalika kuposa chitseko, chifukwa cha munthu wa ntchito yomwe ukukaiphunzirayi. Madokotala akuluakulu ali m'tauni, ndipo Mulungu awadalitse, koma mwana akauma Lamulungu m'mawa kumudzi, amene amathamanga ndi makiyi ndi uyu wa zaka ziwiri za kolejiyu. Ukadzafuna kupitiriza sukulu patsogolo, udzapitirize, ndidzavina. Koma usayambe ntchitoyi ukuipepesera. Ndipo utengepo ziwiri kwa bambo amene aja. Anthu adzakunamiza, makamaka amayi, ndipo ukadzaona mphini kapena botolo, usadzawafunse kuti munali kuti masiku onsewa. Funso limenelo akhala akudzifunsa okha njira yonse. Khala pansi, maso alingane. Chachiwiri, udziwe pamene nzeru zako zathera, ndipo uzinena poyera. Kutumiza wodwala kwa okuposa si kugonja.

Nkhaniyi ili ndi mchira wake umene umandiwawabe. Sindinapite kukawathokoza a Chimbalanga. Manyazi a bodza lija ankandichititsa kulambalala chipatala, ndikapita kusikelo ndinkabisala kumbuyo kwa amayi ena. Ndinkati ndipita tikagulitsa fodya, ndiwatengere nkhuku. Chaka chinatha, china chinatha. Tsiku limene ndinalimba mtima, nkhuku ili m'manja, iwe ukuyenda pambali panga, ndinapeza m'nyumba muja muli banja lina. Anali atawasamutsira kumpoto, ndipo palibe amene ankadziwa kuti kuti kwenikweni. Nkhuku ndinabwerera nayo. Choncho mawa usanakwere basi, ukhale pansi ndi amayi ako aang'ono. Zaka zinayi akuphikira, akuchapira, apita kusukulu kukamva milandu yako, ntchito imene inali yanga. Usangoti "ndapita." Uwauze ndi pakamwa pako kuti zikomo, utchule zimene akuchitira. Adzakuthamangitsa kuti usawalize, koma unene basi.

Zina ndi zazing'ono, koma ndine mayi, ndizinena. Uzidya m'mawa, makamaka masiku a ku wodi. Uzisamba m'manja ngakhale palibe akukuona. Nsapato zakuda zija uzivale masiku angapo usanayambe kuima nazo tsiku lonse, zimaluma. Ukapeza mnzako wokonda kuwerenga, ummamatire, ngakhale akhale wosasangalatsa kucheza naye. Za mowa amalume ako anena kale, ndipo iwo akuudziwa bwino kuposa ine. Za atsikana ndingoti, amene udzamukonde udzamulemekeze monga ukufunira kuti anthu a kuno azindilemekezera ine. Ukabwera patchuthi choyamba anthu adzayamba kukuitana kuti adokotala, adzakuonetsa zotupa ndi zidzolo pamsewu, ena adzafuna uwalembere mankhwala papepala la shuga. Mutu usakule. Uwauze kuti ndikadali mwana wa sukulu, tiyeni ndikuperekezeni kuchipatala. Ndipo tsiku limene udzalakwitse, chifukwa lidzafika, ukanene wekha kwa akuluakulu ako asanatulukire. Ine ndikadali pantchito pano chifukwa cha tsiku limene ndinati, "Ayi madamu, sindinamve."

Ukalephera mayeso ena usandibisire. Ukasowa tulo chifukwa cha zimene waona ku wodi, undiimbire, kuno tili patsogolo ndi ola limodzi lokha. Ndikulonjeza kuti ndidzayamba ndamva, kukalipa pambuyo, mwinanso osakalipa n'komwe.

Ndamva Yuma akutsokomola, adzuka posachedwa, ndiye ndimalize. Koma sindingakulembere masamba onsewa za kunena zoona ine ndili ndi changa chobisa. Miyezi iwiri yapitayo mutu unkandiwawa kumbuyoku masiku otsatizana, nthawi zina m'maso mumachita tinyenyezi. Ndinkangomwa madzi n'kumati ndi dzuwa. Bindu atamaliza kuyeza agogo tsiku lina anandiyang'ana nati, "Bweretsa mkono." Anayeza, anakwinya nkhope, anayezanso mkono winawo. Anapita yekha kukalankhula ndi madamu, ndipo mawa lake madamuwo ananditengera kuchipatala. Ndili ndi BP, Limbani, magazi akuthamanga. Anandipatsa mapilisi, ndikumwa limodzi m'mawa uliwonse, mutu unasiya, ntchito ndikugwira bwinobwino, mchere ndachepetsa. Usadzidzimuke, sindikufa. Ndinakubisira chifukwa ndinkaopa kuti ukamva udzati basi, amayi abwerere, ine ndipite ndikagwire ntchito m'malo mwawo, sukulu n'kuthera pomwepo. Ukafuna kundithandiza, njira yake si imeneyo. Amayi ako aang'ono usawauze, ndiwaimbira ndekha Lamulungu.

Pempho langa ndi ili. Kuchipatala kuno anandifotokozera, adokotala ake abwino ndithu, koma m'Chingerezi chothamanga, ndipo ngakhale ndinawapempha kubwereza kawiri, ndinangomva za mchere ndi mapilisi. Pamakina paja pamatuluka manambala awiri, ina pamwamba ina pansi. Bindu amandilembera kumapeto kwa kope lomweli sabata iliyonse, ndipo ine ndimangowayang'ana. Tsiku limene adzakuphunzitseni zimenezi m'kalasi, umvetsetse bwino, ufunse mafunso onse, kenako undiimbire. Undifotokozere m'Chichewa, pang'onopang'ono, kuti yapamwambayo ikunena chiyani, yapansiyo ikunena chiyani, ndipo mtima wa mayi akowu ukuvutika ndi chiyani. Ukatha undiuze ndibwereze, uone ngati ndamva. Ukandifunsa ngati pali tsiku limene ndinadumphitsa mankhwala, ndidzakuuza zoona.

Uyende bwino, mwana wanga. Ukhale pampando wa pawindo, chikwama cha mapepala chikhale pamiyendo. Ukafika undidziwitse, ngakhale ndi liwu limodzi. Mulungu amene anakubweza m'manja mwanga akutsogolere kumene manja angawa safika.

Ndine mayi ako, amene akudikira foni ya adokotala ake,

Felesiya